Momwe mungaperekezere wotembenuka mtima m'miyezi itatu yoyamba

Msonkhano wa chitsitsimutso ukatha, mayina a amene anakweza manja amadzaza kope, koma pakapita miyezi ingapo ambiri saonekanso m'tchalitchi. Kawirikawiri ulaliki umakhala ulibe vuto. Kungoti palibe anawatsata kunyumba. Ngati mpingo wakupatsani ntchito imeneyi, musatenge anthu oposa awiri, ndipo bambo atsate bambo, mayi atsate mayi. Mukasakaniza, miseche idzapha ntchitoyo isanapite patali.

Pitani kwawo kwa wotembenuka mtimayo sabata yoyamba isanathe. Ulendo umenewu si wokalalikira. Khalani pakhonde, lonjerani a m'nyumba onse, funsani mmene banja lailandirira nkhaniyi ndi chimene akuona kuti chimuvuta kusiya. Mugwirizane tsiku limodzi pa sabata, ola limodzi basi, ndipo inuyo musaliphonye, chifukwa kukhulupirika adzayamba kukuonera kwa inu.

Musamuyambitse kuwerenga ku Genesis, ambiri amakatitimira pa Levitiko. Ayambe ndi Marko, mitu 16, kenako Yohane, mitu 21, atsirize ndi Machitidwe, mitu 28. Yonse ndi mitu 65, ndiye mutu umodzi patsiku, kuwerengera ndi masiku ophonya, miyezi itatu yakwana. Mphindi 15 m'mamawa asanapite kumunda kapena ku geni n'zokwanira. Usiku tulo timapambana. Ngati Chichewa chakale cha Buku Lopatulika chikumukola, mupezereni Buku Loyera, lomwe linatuluka mu 1998. Wosadziwa kuwerenga muikireni Baibulo lomvetsera mu foni, kapena mwana wa sukulu azimuwerengera. Mukakumana mufunseni ziwiri: waona chiyani za Yesu, nanga achitapo chiyani sabata ino. Sabata yotsatira yambani ndi kufunsa ngati wachitadi.

Pa mtengo wa kutsata Yesu musamunyengerere. Werengani naye Luka 9:23 ndi Luka 14:28 mwezi woyamba womwewo. Munthu amene anauzidwa kuti akabadwa mwatsopano matenda ndi umphawi zitha amakhumudwa vuto loyamba likangogogoda, monga mbewu ya pathanthwe ya pa Marko 4:16-17.

Malo amene ambiri amagwera ndi pa matenda. Mwana akatentha thupi usiku, agogo ndi amalume amayamba kunena zoti pali munthu, tipite kwa sing'anga, ndipo mkhristu wa masabata atatu sangalimbane ndi mbumba yonse yekha. Muuziretu kuti akuimbireni foni ngakhale pakati pa usiku. Mukafika pempherani, kenako muperekezeni kuchipatala. Musamuike poti asankhe pakati pa pemphero ndi mankhwala a dokotala. Zithumwa ndi mphinjiri musamulande. A ku Efeso, pa Machitidwe 19:19, anatentha okha mabuku awo a matsenga. Chimene mwamulanda asanakhutire mumtima amakatenga china mwamseri, ndipo kuyambira pamenepo amayamba kukubisirani.

Amene wasiya mowa amavutika kwambiri Loweruka masana, nthawi imene anzake amamudikira. Kumuuza kuti "musapiteko" sikukwanira. Mutengeni kokazonda odwala, ku kwaya kapena ku mpira wa achinyamata a mpingo. Ngati ali ndi ngongole kapena katundu wa eni ake, werengani za Zakeyu pa Luka 19:8, mulembe naye mayina ndi ndalama zake, ayambe kubweza yaing'ono.

Mipingo yambiri imalakwa pothamangira kumupatsa udindo chifukwa umboni wake unaliza anthu. Paulo analetsa zimenezi pa 1 Timoteo 3:6, poopa kudzitukumula. Mupatseni ntchito yosaonekera: kusesa, kukonza mabenchi, kutunga madzi pamaliro. Onani ngati amafika pa nthawi, makamaka m'dzinja pamene kupalira ndi ganyu zikulimbirana naye Lamulungu. Thumba la ndalama liyambe ladikira. Inunso musamuzoloweze kumusiyira ya sopo ulendo uliwonse, angamadikire chikwama chanu. Ngati m'nyumbamo muli njala, dziwitsani madikoni kapena komiti ya zachifundo.

Akagwa, ndipo ambiri amagwa ndithu, manyazi ndiwo amamuthawitsa kuposa tchimolo. Akajomba Lamulungu limodzi muimbireni. Akajomba kawiri motsatizana pitani nokha, mofatsa, monga akunenera Agalatiya 6:1 ndi Mateyu 18:15. Nkhani yake musaitengere kumlaga, ku gulu la mapemphero la m'dera lanu, m'dzina la "tiyeni timupempherere", imeneyo ndi miseche basi.

Pofika mwezi wachitatu akhale atalembetsa kalasi yophunzira za chikhristu kumpingo, ndipo akhale akudziwana ndi anthu atatu kapena anayi a kumlaga, ku mphakati kapena ku Mvano amene angamufunse akasowa. Mukatero chepetsani maulendo anu, muzipita kawiri pa mwezi, kenako kamodzi.