Kuyendetsa ma VM pa laputopu yakale kuno ku Harare

Ambirife kuno timagula malaputopu ogwiritsidwapo kale ntchito ku Gulf Complex mutauni, ndiye munthu akafuna kuphunzira za ma seva kapena kuyesa Windows osafufuta Ubuntu wake amangoganiza kuti mpaka agule kompyuta ina. Ayi ndithu abale anga, VM (virtual machine) imakwana, ndi kompyuta yongoyerekeza yoyenda mkati mwa yanu yomweyo. Pa mapulogalamu oyendetsera ma VM, ine ndimakonda KVM kuposa VirtualBox chifukwa KVM inalowa mu kernel ya Linux, yomwe ndi mtima wake wa Linux, mu 2007, simuzavutika ndi ma module akunja nthawi zonse kernel ikasintha.

Yambani ndi purosesa. Ikani pulogalamu ya cpu-checker kenako lembani kvm-ok mu terminal, ikati KVM acceleration can be used ndiye muli bwino. Ikakana musataye mtima, nthawi zambiri ndi BIOS chabe, ma setting a kompyuta yeniyeniyo, lowani mmenemo poyatsa, pa HP ndi F10, pa Dell F2, pa ThinkPad F1, mufufuze Intel VT-x kapena SVM ngati ndi AMD muyiyatse. Mukatero sudo apt install qemu-system-x86 libvirt-daemon-system virt-manager, kenako sudo adduser $USER libvirt, mutuluke mulowenso apo bii virt-manager, pulogalamu yopangira ndi kuyendetsera ma VM, izingokana kulumikizana.

Za RAM musachite umbombo komanso musapereke yonse. Laputopu ya 8GB ipatseni VM 3GB kapena 4GB basi, mukapitirira Ubuntu wanuyo ayamba kutsamira pa swap, kugwiritsa ntchito diski m'malo mwa RAM, ndipo zonse zingoti zii. Ya 4GB iwalani za desktop mkati mwa VM, tengani Debian netinst yomwe siyifika ngakhale 1GB pomwe ISO (failo yoikira) ya Ubuntu 24.04 ya desktop imapitirira 5GB, bandulo yake si masewera.

Tsopano nkhani yomwe imandikhudza kwambiri ndi ya magetsi, chifukwa ku Mufakose, ku Mbare, ku Highfield tonse tikudziwa mmene amathimira osatsanzika, ndipo mabatire a malaputopu akalewa ambiri anatha kale. Diski ya VM ndi failo imodzi ya qcow2 yomwe imakhala mu /var/lib/libvirt/images, magetsi akapita ikulemba ikhoza kuwonongeka ndiye ntchito yanu yonse ili mmenemo, zimawawa zedi. Chonde zimitsani VM bwinobwino kaye ndi virsh shutdown dzina lake musanatseke laputopu, ndipo cache ya diski musayiike pa unsafe ngakhale wina atakuuzani kuti imathamanga. Musanayese chinthu chachilendo pangani snapshot, kusunga mmene VM ilili kuti muthe kubwererako, koma dziwani kuti snapshot yamkati imakhala mu failo yomweyo, failo ikafa nayonso yafa, ndiye VM ili chozima kopelani qcow2 yonse pa diski yakunja. Zikavuta, VM isakuyaka magetsi atabwera, lembani sudo qemu-img check pa failoyo muone zomwe ikunena, kenako mukopele kaye pambali musanayese kuikonza powonjezera -r leaks pa lamulo lomwelo, ndipo -r all ikhale yomaliza penipeni.

Intaneti ikasowa mu VM kapena ikamati network default is not active, sudo virsh net-start default kenako sudo virsh net-autostart default kuti isazabwerezenso. VM imalandira adiresi ya 192.168.122 chakuti kudzera mu NAT, kugawana intaneti ya laputopu yanu, ndipo zimakwana, bridge (kulumikiza VM mwachindunji ku netiweki) pa Wi-Fi kapena pa hotspot ya foni musalimbane nayo, imafuna waya.

Amene muli ndi VirtualBox kale mukaona VERR_VMX_IN_VMX_ROOT_MODE (pa Intel) kapena VERR_SVM_IN_USE (pa AMD) ndiye kuti KVM yagwira kale purosesa, ziwirizi sizigwirira limodzi, zimitsani ma VM a KVM mulembe sudo modprobe -r kvm_intel kapena kvm_amd. Windows 11 nayo imafuna TPM 2.0, kachipangizo ka chitetezo, ndiye ikani swtpm yomwe imakayerekeza, ndipo ngati pa mtundu wa diski ya VM mwasankha virtio, installer siyiona diskiyo mpaka mutayipatsa ma driver a mu ISO ya virtio-win ngati CD yachiwiri.