Momwe mungakonzere m'bindikiro wa pachaka wa gulu lanu kunyanja, osabwerako mutadana

Wina amalemba pa WhatsApp kuti chaka chino tipite kunyanja. Anthu amavomera ndi chimwemwe, ena mpaka kufunsa za yunifomu, kenako zii mpaka Disembala. Kaya ndi kwaya, gulu la mabanja la kumpingo, a banki m'khonde kapena amene munaphunzira limodzi ku sekondale, matenda ake ndi omwewa. Gulu lathu linadwala chonchi zaka zingapo, ndipo titayamba kupitadi tinalakwitsa zambiri. Zimene ndalemba panozi ndi za ulendo wonyamuka Lachisanu n'kubwerako Lamulungu, anthu 20 kapena 30, pamalo a kumudzi m'mbali mwa Nyanja ya Malawi pamene mumadziphikira nokha, osati ku hotela yaikulu kumene amakuchitirani zonse.

1. Yambani ndi tsiku, malo abwere pambuyo

Mukayambira pa malo, msonkhano sutha. Wina akufuna Mangochi, wina Nkhata Bay chifukwa ndi kwawo kwa akazi ake. Gwirizanani kaye za sabata imodzi yosasintha chaka ndi chaka, kuti aliyense azidziwiratu popempha tchuthi kuntchito komanso povomera maudindo a pa maukwati.

Kuyambira Disembala mpaka Malichi, iwalani. Timisewu tafumbi tolowera kugombe timasanduka phala, udzudzu umachuluka, ndipo msewu wa M5 wa m'mbali mwa nyanja umaduka kawirikawiri mitsinje ikasefukira. Juni ndi Julayi ndi nthawi ya mwera: nyanja imalusa, m'mawa kumazizira, ndipo ulendo wa pa boti umene munalonjeza anthu ukhoza kulephereka. Okutobala ndi wotentha, ndipo sabata ya pa 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala, dziko lonse limakhamukira kunyanja. Malo amadzaza, mitengo imakwera, phokoso usiku wonse. Pasaka ndi Khirisimasi chimodzimodzi. Ine ndimakonda Seputembala: mwera wayamba kuchepa, kutentha sikunafike poipa, misewu ndi youma.

2. Ndalama

Apa ndi pamene maulendo ambiri amafera, ndiye tikhalitsapo.

Sankhani anthu atatu: msungichuma, womuthandiza, ndi wina wongoyang'anira mabuku amene sagwira ndalama. Musasankhe munthu chifukwa ndi wolemera kapena wamkulu. Sankhani amene sachita manyazi kukumbutsa mnzake ngongole.

Yambani kusonkha miyezi 9 kapena 10 tsiku lisanafike, pang'onopang'ono mwezi uliwonse. Kuuza anthu kuti apereke zonse mwezi womaliza ndi kuwathamangitsa, makamaka ngati mweziwo ndi wa fizi. Tsegulani nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ya ulendowu wokha. Ndalama za gulu zikasakanikirana ndi za msungichuma pa foni yake, tsiku lina mwana adzadwala usiku, adzabwerekako ndi mtima wabwino, ndipo nkhani idzayambira pamenepo. Pa 5 mwezi uliwonse, mndandanda wa amene apereka ndi ndalama zimene zilipo uziikidwa pa gulu, aliyense aone.

Powerengera mtengo wa munthu mmodzi pali kanzeru kamene tinakaphunzira mochedwa. Amene alembetsa si onse amene adzakwere basi. Tiyerekeze kuti malo, galimoto ndi chakudya zonse pamodzi zikukwana K3,000,000 ndipo alembetsa anthu 30. Musagawe ndi 30 n'kunena kuti aliyense K100,000. Gawani ndi 24, aliyense apereke K125,000. Basi ndi malo mtengo wake sutsika chifukwa choti anthu asanu ndi mmodzi agwa mphwayi. Akabwera onse, zotsalazo ndi poyambira chaka chamawa. Muwonjezereponso za kutapa ndalama pa foni, zimene anthu amaziiwala nthawi zonse.

Lamulo la kubweza ndalama likhazikitsidwe pachiyambi, anthu akadali osangalala. Lathu ndi lakuti dipoziti ikaperekedwa kwa eni malo ndi eni basi, wosiya ulendo sabwezeredwa, kupatula pa maliro kapena kugonekedwa m'chipatala. Akhoza kupeza wina womulowa m'malo, bola gulu limuvomere. Gwirizananinso msanga za ana ndi za alendo. Pali anthu amene amatulukira pa siteji ndi mlamu wawo ngati kuti ndi chikwama.

Ndalama musazisunge nthawi yaitali zili chikhalire. Amene anasonkha mu 2023 akukumbuka kuti mu Novembala chaka chimenecho kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo zimene anawerengera mu Juni zinasanduka nthano. Zikangokwana, perekani dipoziti, mtengo ulembedwe papepala ndi kusainirana, ndipo gulanitu zosawonongeka monga mpunga, shuga ndi mafuta ophikira.

Chomaliza pa ndalama: pagulu sipalephera munthu amene chaka chamuvuta. Komiti ikhale ndi kathumba kapadera komuthandizira mwakachetechete, dzina lake osatchulidwa pa gulu.

3. Malo kawaoneni ndi maso

Ulendo wa masiku awiri usadye maola opitirira anayi pamsewu. A ku Lilongwe, Salima ali pa makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14, ndipo Senga Bay ndi makilomita ena pafupifupi 20 kuchokera pa boma. Ngati gulu lanu likufuna bata la kutchire, pafupi ndi Salima pali Kuti, malo amene kale anali famu yoweta ng'ombe ndipo pano mukukhala mbidzi ndi nyama zina zosalusa. Mukhoza kugona kumeneko n'kupita kunyanja masana. A ku Blantyre ndi Zomba njira yawo ndi ya Liwonde kukafika ku Mangochi, kenako M10 yopita ku Monkey Bay. Mukasankha Cape Maclear, dziwani kuti mbali ina ya derali ili mu Lake Malawi National Park, ndipo kulowa mbali imeneyo kapena kupita ku zilumba zake kumakhala ndi malipiro. A ku Mzuzu ali ndi Nkhata Bay, Chintheche ndi Kande. Gulu lobalalika pakati ndi kumpoto likhoza kukumana ku Nkhotakota.

Zithunzi za pa Facebook musazikhulupirire. Mu 2024 madzi a m'nyanja anakwera kwambiri mpaka kumiza mchenga ndi zipinda m'malo ena ogona alendo ku Mangochi ndi ku Salima, koma zithunzi zakale zinali pompo. Tumizani anthu awiri, mmodzi akhale mayi. Abambo amaona gombe ndi pamene adzawotchere nyama. Amayi amatsegula chimbudzi, amatembenuza matiresi, amatambasula neti kuona ngati ilibe zibowo. Aonenso madzi akumwa kumene amachokera, khitchini ndi mapoto ake, mthunzi kapena holo yokwana nonse, chimene chimachitika magetsi akazima, netiweki ya foni, ndi mtunda wokafika ku chipatala chapafupi.

Mafunso atatu awa afunsidwe pamaso pa mwini malo: kodi mumalola kudziphikira ndi kubwera ndi zakumwa zathu? Mtengowu ndi wophatikiza misonkho yonse? Sabata imeneyo kudzakhalanso gulu lina? Funso lachitatuli ife sitinafunse chaka china. Tinafika Lachisanu zonse zili bwino. Loweruka m'mawa tikutsegula ndi pemphero, lole inalowa pageti itanyamula mipando ndi zimasipika zazitali ngati munthu: madyerero a ukwati. Zokambirana zathu tinakachitira pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa khitchini, nkhuku zikudutsa pakati pathu.

4. Galimoto

Kwa anthu osapitirira 25, Coaster imodzi imakwana, katundu wa kukhitchini atsogole pa galimoto ina. Kaioneni basiyo musanalipire: matayala, sipeya, COF (chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ndi inshuwalansi. Gwirizanani za amene agule mafuta, kumene dalaivala adzagone ndi kudya, ndi za pa toll gate ngati mukudutsa pa Chingeni kapena pa Kalinyeke. Mafuta obwererera akhale otsimikizika musananyamuke, chifukwa akasowa m'tauni, kunyanja ndiye kulibiretu. Nyamukani Lachisanu dzuwa lili pamutu. Ngati mukutsika phiri la Khwekhwelere kulowera ku Golomoti, mutsike kukuwala. Ndipo dalaivala ndi mlendo wanu pa chakudya, osati pa botolo.

5. Chakudya

Cha Lachisanu madzulo chiphikidwe kunyumba. Anthu amafika atatopa, khitchini ndi yachilendo, machesi sakuoneka. Mpunga ndi nkhuku zofunditsa chabe zimapulumutsa usiku woyamba.

Masiku enawo, njira yabwino ndi kulemba ganyu amayi awiri kapena atatu a m'mudzi momwemo kuti aziphika. Mukapanda kutero, amayi a m'gulu lanu adzakhala m'khitchini kuyambira Lachisanu mpaka Lamulungu pamene abambo akusambira, ndipo chaka chamawa sadzalembetsa. Tengani silinda ya gasi. Makala ogula pamsewu akhoza kulandidwa pa rodibuloko. Tomato, masamba, nkhuni ndi nsomba gulani konko, ndalama itsaleko m'mudzimo.

Za nsomba, dzukani m'mamawa mukadikire asodzi pagombe, mutenge munthu wa pamalopo kuti akunenerereni mtengo. Nsomba yabwino maso ake amakhala owala, m'makha muli mofiira, ndipo mukaidina ndi chala thupi limabwerera. Musalonjeze anthu chambo cha aliyense. Chambo chinasowa ndipo n'chodula ngakhale kunyanja komweko. Utaka, mcheni, kampango ndi usipa wofutsa zimakhutitsa gulu mosaboola thumba. Funsanitu za amene ali ndi shuga kapena BP, Asilamu amene ali pakati panu, komanso a Seventh Day amene sadya kampango ndi mlamba poti zilibe mamba.

6. Pulogalamu ikhale ndi mipata

Makomiti amakonda kudzaza pepala: 5 koloko mapemphero, 6 koloko masewera olimbitsa thupi, kenako ophunzitsa anayi motsatizana mpaka mdima. Anthu alipira ndalama zawo kuti aione nyanja kudzera pawindo? Nkhani yaikulu imene mwabwerera, kaya ndi chiphunzitso, mapulani a chaka kapena kuyanjanitsa amene anasemphana, ichitike Loweruka m'mawa, maola atatu basi, kusanatenthe. Masana asiyeni. Madzulo kolezani moto panja, mipando mozungulira, popanda wapampando. Zimene anthu amakumbukira chaka chonse zimayankhulidwa pamenepo, kapena pa mchenga awiriawiri.

Malamulo anenedwe Lachisanu pa chakudya, akhale ochepa: nthawi yozimitsa sipika, mafoni pa nthawi ya zokambirana, ndiponso za mowa. Ngati gulu limalola, aliyense agule wake, usachoke m'thumba la onse.

7. Nyanja si dziwe la kumudzi

Ambiri a ife a kumtunda sitidziwa kusambira, timangodziwa kuviika miyendo. Pakhale nthawi yodziwika yosambira ndi anthu awiri oima pamtunda akuwerenga mitu. Wakumwa asalowe m'madzi, usiku asalowe aliyense, ndipo ana asasiyidwe ndi ana anzawo. Pa boti, aliyense avale life jacket. Akakuuzani kuti majeketewo ndi 10, akwere anthu 10, enawo adikire ulendo wachiwiri. Mphepo ikayamba, ulendo wa pa boti ufe ngakhale mwalipira. Pewani mabango ndi pamene mtsinje ukuthira m'nyanja, chifukwa ndi malo a ng'ona ndi mvuu. Asodzi a pamalopo amadziwa pabwino ndi poipa, afunseni.

Matenda a kunyanja ambiri amaonekera mutabwerako. Wina akamva kutentha thupi patatha sabata imodzi kapena ziwiri, akayezetse malungo tsiku lomwelo. Likodzo limachokera ku tizilombo ta mu nkhono za m'madzi osaya, odekha. Kumwa mankhwala a likodzo a praziquantel mawa lake mutasambira sikuthandiza kwenikweni, chifukwa mankhwalawa amapha nyongolotsi zikakula. Pakatha masabata 6 mpaka 8, mlembi akumbutse onse amene anasambira kuti apite ku chipatala. Madzi akumwa akhale a m'botolo, owiritsa kapena othira klorini. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inasautsa kwambiri maboma a m'mbali mwa nyanja. M'kabokosi ka mankhwala musasowe Thanzi ORS, panado, bandeji ndi mafuta othamangitsa udzudzu.

Kumbukiraninso kuti gombe limene inu mukuliona ngati malo a tchuthi, eni ake ndi pochapira, potsukira mbale ndi posamba. Musajambule anthu osawapempha. Podutsa m'mudzi valani chitenje kapena malaya, makamaka ku Mangochi ndi ku Salima kumene kuli Asilamu ambiri. Ngati mukumanga matenti pamalo a mudzi, kalonjereni amfumu.

8. Lamulungu, musanakwere basi

Mukatha mapemphero ndi kadzutsa, khalani pansi mphindi 30. Msungichuma awerenge zimene zinalowa, zimene zatuluka ndi zotsala, malisiti ali patebulo. Zikadikira kuti "tidzatumiza pa gulu", sizitumizidwa, ndipo manong'onong'o amayamba basi isanafike ndi pa boma pomwe. Pomwepo tsimikizani tsiku la chaka chamawa, sankhani komiti yatsopano mutasiyamo mmodzi wakale, ndipo ngati malowo akukomerani, lembetsanitu musanachoke.

Ife tili ndi kope lachikuto cholimba limene limayenda ndi komiti. Muli manambala a madalaivala, makilogalamu a mpunga amene anakwana ndi amene anachepa, dzina la gombe limene nsomba zinali zotchipa, ndi tsamba la zimene tinaiwala. Pa tsamba limenelo chotsegulira zitini chalembedwa zaka zitatu zotsatizana. Shuga ndi mafuta zotsala timasiyira amayi ophika aja, zinyalala zathu timanyamula m'matumba, ndipo pofika 12 koloko basi imakhala yaloza kumtunda.