Uthenga woti "obwera achisilamu akuvulaza ana athu": momwe mungauyesere musanautumize

Ngati muli ku Britain, uthenga wotere umafika pa gulu la WhatsApp uli ndi chithunzi cha mtsikana komanso mawu oti "titeteze amayi ndi ana athu". Magulu odana ndi obwera amadziwa kuti munthu akamva za mwana wamkazi mtima umathamanga, mutu n'kutsalira.

Yambani ndi dzina la woganiziridwayo. Apolisi kumeneko satchula dzina asanatsegule mlandu, makamaka munthuyo akakhala wosakwana zaka 18, ndiye bodza limalowera pa mpata umenewu. Ana aakazi atatu ataphedwa ku Southport pa 29 Julaye 2024, dzina lopeka lomveka ngati Lachiarabu linafalikira tsiku lomwelo, ati ndi Msilamu wobwera pa boti. Wakuphayo anali mnyamata wa zaka 17 wobadwira ku Cardiff, mzinda wa ku Britain komweko. Mawa lake mzikiti wa ku Southport unagendedwa, ndipo pa 4 Ogasiti anthu anayesa kutentha hotela yosungiramo othawa kwawo ku Rotherham. Dzina likangotuluka apolisi asanalankhule, likayikireni. Onani kaye tsamba la apolisi a deralo.

Chithunzi chiikeni mu Google Lens, pulogalamu yofufuzira kumene chithunzi chinaonekapo kale pa intaneti. Zambiri zimapezeka kuti n'zakale kapena za dziko lina.

Kenako pendani amene walemba. Bwererani m'mbuyo pa tsamba lake miyezi itatu: kodi analankhulapo za mayi womenyedwa ndi mwamuna wake, kapena nkhanza amazionera pokhapokha wochimwa akakhala mlendo? Apa mpamene pamagona nkhani, poti amayi ambiri amaphedwa ndi amuna owadziwa. Nyuzipepala ya Guardian inapeza kuti mwa omangidwa pa zipolowe zija, awiri mwa asanu aliwonse anali atanenezedwapo kale kupolisi pa nkhanza za m'banja.

Musatumize ngakhale mutaonjezera kuti "kodi n'zoona?", chifukwa wachitatu amachotsa funsolo. Mayi wina wa ku Northampton analamulidwa kukhala m'ndende miyezi 31 chifukwa cholemba zoti mahotela osungiramo othawa kwawo awotchedwe.

Mkwiyo ukatuluka pa foni umagwera amayi ovala hijabu, poti ndiwo amaonekera msanga m'basi ndi m'sitolo. Ena amachita kuwakoka mpango. Mukaona zimenezi, musalimbane ndi wotukwanayo. Khalani pafupi ndi mayiwo, muwafunse ngati akufuna muwaperekeze, ndipo mulembe nthawi, nambala ya basi ndi mawu enieni amene ananenedwa. Pakakhala choopsa imbani 999, zikatha imbirani apolisi pa 101, ndipo nenani momveka kuti anawachita chipongwe chifukwa cha chipembedzo kuti apolisi aulembe ngati mlandu wa chidani.