Bolodi Kuthawa Kumapazi Pochita Tack: Mmene Ndinalithetsera Vutoli

Pa masewera a kitesurfing (kuyenda pamadzi pa bolodi mokokedwa ndi kaiti), vuto linali lakuti pochita tack (kutembenuka mphuno ya bolodi ikudutsa kumene mphepo ikuchokera) pa bolodi lopanda malamba a mapazi, bolodi linkatsalira kumbuyo, kaiti n'kundikokera m'madzi chagada. Cholakwika sichinali mapazi ayi, koma kaiti. Ndinkaikweza mothamanga, n'kupitirira pa 12 koloko (pamutu penipeni, tikayerekeza malo a kaiti m'mwamba ndi manambala a wotchi) mphuno ya bolodi isanaloze kumene mphepo ikuchokera.

Nayi njira yomwe inathandiza. Yambani ndi liwiro labwino, kaiti ili pa 11 koloko ngati mukupita kumanzere. Dzanja lakumbuyo ligwire pafupi ndi pakati pa bar (ndodo yowongolera kaiti), chifukwa likakhala kumapeto kaiti imatembenuka msanga kwambiri. Ikwezeni pang'onopang'ono, uku mukukanikiza zidendene kuti bolodi likhotere kumphepo. Ziwirizi ziyendere limodzi.

Apa ndiye pagona nkhani. Kaiti ikafika pamutu penipeni, kokerani bar kwa inu. Thupi limapepuka kwa kamphindi, ndipo m'kamphindi kameneka ndi mmene mumasinthira mapazi: lakumbuyo likankhe mchira wa bolodi kuti mphuno idutse mphepo, kenako libwere kutsogolo, linalo libwerere kumchira. Mukakoka bar kaiti isanafike pa 12, imakukokerani chammbali m'malo mokunyamulani. Mukachedwa, liwiro latha ndipo bolodi limamira. Maso akhale kumene mukupita, osati kumapazi, poti mapewa amatsata mutu.

Mapazi akakhazikika, pindani mawondo ndipo tsitsani kaiti mwamphamvu chaku 2 koloko ndi dzanja lomwe lija, lomwe tsopano lakhala lakutsogolo.

Yesererani pamadzi abata, pamphepo yosasinthasintha ya ma knot 15 mpaka 20 (knot ndi muyeso wa liwiro la mphepo). Kusintha mapazi kokha yambirani pamchenga.