Kuphunzira u wiketi kipa potengera Dhoni, olo pa mchenga wa ku Senga Bay

Mafana amene timasewera nawo kriketi kuno ku Senga Bay aliyense amangofuna kumenya mpira basi, ukati wina akaime kumbuyo kwa ma stumps (timitengo titatu tomwe womenya amatchinga) ngati wiketi kipa onse amayang'ana kunyanja. Ine zimandiwawa chifukwa malo amenewo ndimawakonda zedi, ndipo anandikondetsa ndi MS Dhoni wa ku India. Ndiye amene muli ndi mtima wofuna kuyesa, tiyeni ndikuuzeni poyambira.

Ngati mumagwira pagolo pa mpira wamiyendo dziwani kuti mwayamba kale. Dhoni anabadwa mu 1981 ku Ranchi, kusukulu anali goloboyi, aphunzitsi a zamasewera ndi amene anamukokera ku kriketi. Anagwirako mpaka ntchito yoona matikiti pa siteshoni ya sitima ku Kharagpur asanalowe timu ya dziko lake mu 2004.

Yambani ndi kaimidwe. Nyonyomalani, thupi litsamire kuzala za kumapazi osati kuzidendene, manja akhudze pansi, ndiye osadzuka msanga ayi, muzidzuka limodzi ndi mpira ukanjanja. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Pa mchenga wonyowa uja wa m'mbali mwa madzi mpira wa tenisi wokulunga tepi umabwera motsika kwambiri, ukafulumira kuimirira umakudutsa pakati pa miyendo n'kukathera m'madzi. Zala ziloze pansi, kumwamba kapena cham'mbali, zisaloze mpira. Mnyamata wina tinkasewera naye anaulandira ndi nsonga ya chala, chinatupa moti sabata yonse sanakoke nawo chilimira, bambo ake anakwiya kwambiri ndipo sindinawaone kulakwa.

Woponya akakhala waliwiro bwererani m'mbuyo mpaka pomwe mpira uzikufikani cha m'chiuno. Akakhala spina, woponya pang'onopang'ono mozungulitsa mpira, senderani pafupi penipeni ndi ma stumps.

Tsono nkhani ya stumping, kutulutsa womenya pogwetsa ma stumps ndi mpira iye atauphonya ali kunja kwa mzere wake, yomwe Dhoni anatchuka nayo. M'magemu 350 a ODI (magemu a tsiku limodzi a pakati pa maiko) anatulutsa anthu 123 mwa njira imeneyi, palibe anamuposa. Makochi ambiri amaphunzitsa kuti ukawakha mpira manja abwerere nawo m'mbuyo pang'ono kuti usapweteke komanso usapulumuke, iyeyo ayi, manja ake ankakumana ndi mpira ali kale pa ulendo wopita ku ma stumps, womenya uja phazi likangotuluka mzere olo pang'ono chabe zinthu zatha asanatembenuke n'komwe. Koma chonde musayambire pamenepo. Zikani timitengo titatu ta nsungwi, mnzanu aime masitepe 10 azikuponyerani mipira 30 tsiku lililonse, inu kumangowakha bwinobwino. Zikakhazikika wina aime ndi bati kutsogolo kwanu aziphonya dala, kuti maso azolowere kutsatira mpira pomwe bati ikukutchingani. Apo ndiye yambani kufupikitsa manja mwa u Dhoni. Lamulo lake musaiwale, magulovu asapitirire kutsogolo kwa ma stumps mpira usanawadutse kapena kukhudza womenya olo bati yake, apo ayi ampaya (lifale wa kriketi) akuwa kuti no-ball, womenya satuluka, ndipo thukuta lanu lapita pachabe.

China ndi mutu. Kumbuyo kuja mumaona bwalo lonse, ndiye muziyankhula, muuzeni woponya kuti uyu akumatuluka mzere, uyu akuopa mpira wa kumiyendo. Dhoni ankatsogolera timu ataima pomwepo, ndipo anatenga T20 World Cup mu 2007, World Cup mu 2011 ndi Champions Trophy mu 2013.

Muziwerenganso ma run (mapointi a kriketi) otsala mpira uliwonse usanaponyedwe. Mu 2016 ku Bengaluru, Bangladesh inkafuna ma run 2 pa mpira womaliza kuti ipambane India. Hardik Pandya wa India asanaponye Dhoni anavula gulovu ya kumanja chifukwa anadziwa kuti anthuwa athamanga olo aphonye. Womenya anaphonyadi, Dhoni m'malo mogenda anathamanga nawo yekha mpirawo n'kukagwetsa ma stumps Mustafizur Rahman wa Bangladesh asanafike, India inawina ndi run imodzi. Mukafika pa mpira womaliza ngati umenewo vulani gulovu imodzi inunso, ndipo ma stumps akakhala pafupi musagende, thamangani nawo.