Momwe mungapangire chotsamira cha kumutu kwa bedi ndi chitenje

Mabedi ambiri otsika mtengo amene akalipentala amakhoma pa Nchalo, Ngabu ndi Bangula amabwera opanda chotsamira cha kumutu. Munthu ukafuna kukhala tsonga pabedi umatsamira khoma, ndipo khoma la njerwa kuno kuchigwa m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala limakhalabe lotentha mpaka usiku, laimu nkumakanirira kumsana. Chotsamira mungathe kupanga nokha, koma chikhale choyenera kwathu kuno: nsalu yake izitheka kuchotsa ndi kuchapa, ndipo thabwa lake lisagunde pansi.

Mufunika pulayiwudi, siponji, nsalu yakale ya pabedi, chitenje chimodzi, guluu womatira siponji, sandipepa, timisomali tating'ono, hamala, mpeni wakuthwa ndi tepi yoyezera.

Yambani ndi kuyeza bedi lanu. Nthawi zambiri bedi la anthu awiri limakhala masentimita 137 m'lifupi, lapakati 107, la munthu mmodzi 91, koma akalipentala amasiyana dzanja, choncho yezani lanulo. Kwa chotsamira, msinkhu wa masentimita 60 ndi wokwanira msana wa munthu wamkulu. Pulayiwudi yathunthu imakhala masentimita 244 m'litali ndi 122 m'lifupi, kotero kugula yonse nkutaya ndalama. Funsani kalipentala ngati ali ndi chidutswa chotsala, kapena gwirizanani ndi anzanu mugawane imodzi. Ikhale yokhuthala mamilimita 12. Chitseko chakale chosafumbwa chimagwiranso ntchito. Matabwa aja opangidwa ndi utuchi wopanikiza asiyeni, chifukwa akangomva chinyezi cha dzinja amafufuma nkuyamba kuyoyoka.

Mukadula, palani m'mphepete monse ndi sandipepa, makona muwazungulize pang'ono kuti asaboole nsalu. Kenako pakani vanishi mbali zonse ziwiri ndi m'mphepete momwe, muyanike panja mpaka fungo lithe. Ena amapaka oyilo wakuda wa galimoto poopa chiswe. Pamtengo wa khola nzabwino, koma pano ayi: kukatentha amanunkha, amalowerera mu siponji, ndipo mutu wanu udzakhala pomwepo usiku wonse.

Tsopano siponji. Ya masentimita 5 kukhuthala ndi yokwanira, ndipo matiresi akale amene anaphwa pakati amakhalabe ndi m'mbali mwabwino momwe mungadule. Musanaigwiritse ntchito iyanikeni padzuwa lamphamvu tsiku lonse, muitembenuze, ndipo muyang'ane bwino m'ming'alu. Mukaona timadontho takuda kapena timazira toyera, imeneyo ili ndi nsikidzi, itayeni osanyinyirika. Kuno kumalimidwa thonje lambiri ndipo wina angaganize zoikamo lomwelo m'malo mwa siponji, koma thonje lochokera kumunda limakhala ndi njere zake, ndipo njerezo zimaitana makoswe. Goneketsani thabwa pa siponji, lembani mozungulira, mudule ndi mpeni wautali mosiya sentimita imodzi yopitirira mbali zonse kuti m'mphepete musamagunde thabwa. Pakani guluu pathabwa ndi pasiponji, dikirani ayambe kunanda, kenako phatikizani nkupsinja ndi njerwa zingapo. Izi chitirani panja, kutali ndi mbaula, popeza guluu wa mtunduwu sachedwa kugwira moto.

Nsalu yoyamba, yamkati, ndiyo imapatsa chotsamira maonekedwe ake, choncho apa musathamange. Yalani nsalu yakale ya pabedi pamkeka, ikanipo thabwa siponji itayang'ana pansi, ndipo dulani nsaluyo mosiya masentimita 15 mbali iliyonse. Kokani pakati pa mbali yakumtunda, pindirani kumbuyo, khomani msomali umodzi. Pitani mbali yakumunsi, kokani mwamphamvu, khomaninso umodzi pakati. Chitani chimodzimodzi kumanja ndi kumanzere. Mukatero muziyenda kuchokera pakati kulowera kumakona, msomali uliwonse motalikirana zala zitatu, mukusinthasintha mbali. Mukamaliza mbali imodzi yonse musanakhudze inzake, nsalu imakhota ndipo makwinya ake sachoka. Pansi pa mitu ya misomali ikanipo kachidutswa ka katoni kuti nsalu isang'ambike pokoka. Misomaliyo ikhale yaifupi kuposa kukhuthala kwa thabwa, isatulukire kutsogolo kumene mudzatsamire. Makona apindeni komaliza, mwaudongo, nsalu yochuluka muidule.

Chitenje ndiye chovala chakunja, ndipo ichi musachikhomere. Ndi thukuta la kuno, mafuta a m'mutu ndi fumbi la chilimwe, nsalu yokhomera imada msanga ndipo simungaichape. Sankhani chitenje cha thonje. Nsalu zonyezimira ndi zija zooneka ngati chikopa zimakongola m'sitolo, koma kukatentha zimamata pakhungu ndipo zachikopazo zimasweka. Makatani olimba a pa kaunjika nawonso ndi abwino. Chichapeni kaye kuti chifupike chisanasokedwe, muchisite. Chitenje chimodzi cha mamita awiri chimakwana bedi la anthu awiri. Chiyaleni pachotsamira, muone kuti maluwa ake akhale pakati ndipo mizere isapendeke, mudule mosiya masentimita 20 mbali zonse. Pitani nacho kwa telala apinde mpendero mozungulira ndi kulowetsamo lasitiki kapena chingwe chokoka. Chimavalika kuchokera kutsogolo nkukamangika kumbuyo. Ngati mungathe, sokani ziwiri kuti china chikakhala pachingwe china chizikhala pabedi.

Poimika pali njira ziwiri. Ngati khoma ndi la simenti ndipo nyumba ndi yanu, mangani timphete tiwiri tawaya wolimba kumbuyo kwa thabwa, mukolowetse pamisomali iwiri ya konkiriti yokhomedwa molingana. Ngati khoma ndi lomangira dothi, kapena muli pa lendi ndipo eni nyumba safuna mabowo, khomerani timatabwa tiwiri kumbuyo ngati miyendo, muimange ndi mabawuti ku thabwa la bedi. Miyendoyo ithere pabedi pomwepo, isafike pansi, kuti chiswe chisapeze njira. Amene anaona madzi a namondwe wa Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 akudziwa ubwino wa katundu amene munthu angathe kuchotsa msanga nkuika pamwamba, nchifukwa chake kukoloweka kapena kumanga ndi mabawuti kumaposa kukhomereratu.

Musaiwale neti. Siyani mpata wa zala ziwiri pakati pa matiresi ndi chotsamira kuti neti izitsika nkupiniridwa pansi pa matiresi mbali ya kumutu, ndipo pitani ndi dzanja m'mphepete monse kuona ngati palibe msomali kapena waya woti nkuing'amba. Mwezi uliwonse, pochapa chitenjecho, chotsani chotsamira chonse, muchiyanike padzuwa, musese kukhoma kumene chinali ndi kuyang'ana ngati chiswe sichinayambe kumanga njira yake.