Kusokera mwana leggings ndi nsalu yotanuka

Ngati mukufuna kusokera mwana leggings, musayambe ndi nsalu yodula. Sikipa yaikulu ya pa kaunjika, yomwe mukaikoka ndi kuisiya imabwerera m'malo mwake, ikhoza kukwanira mwana wa zaka 2 kapena 3. Ichapeni kaye, chifukwa nsalu zina zimafupika zikalowa m'madzi.

Patani musavutike nayo. Tengani leggings yomwe ikumukwana panopa, ipindeni pakati, ikani pansalu n'kujambula ndi choko, mukusiya sentimita imodzi ya msoko ndi masentimita 3 kumtunda opindira lasitiki. Kumbuyo kukhale kokwererapo pang'ono kuposa kutsogolo, makamaka ngati mwana akadavala thewera. Musanadule, kokani nsaluyo mbali zonse. Kumene ikutanuka kwambiri ndiko kuzungulire thupi, osati kutsika ndi mwendo.

Ambiri amagwa pa msoko. Msoko wowongoka sutanuka, ndiye mwana akangonjuta mumangomva "pwa!" pakati pa miyendo. Sokani zigizagi yopapatiza ndi ulusi wa poliyesita. Singano ikhale ya ballpoint, yansonga yobulungira. Yakuthwa ija imadula timaulusi ta nsalu n'kusiya timabowo, nthawi zina imadumphanso msoko. Makina opalasa ndi mwendo ambiri alibe zigizagi. Apo talikitsani msoko, muzikoka nsalu pang'ono kutsogolo ndi kumbuyo posoka, ndipo pakati pa miyendo mudutsepo kawiri.

Lasitiki muyezereni pamimba pa mwanayo, chala chanu chizilowa osamukanikiza. Kumapazi mutha kusiya osapinda, nsalu yotere siyoyoka.